Mayschoß, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Ahr: mpesa, kopaletivi ndi madzi a 2021

Nachisale:
Moni nonse pa gulu. Ndikufuna tikambirane za Mayschoß, kamudzi ka m'chigwa cha mtsinje wa Ahr ku Germany, m'chigawo cha Rheinland-Pfalz, kummwera kwa mzinda wa Bonn. Madzi osefukira a 2021 asanabwere, anthu ake anali pafupifupi 900. Kuchepa konseko, kamudzika kali ndi kopaletivi ya alimi a mphesa imene imatchulidwa kuti ndi yakale kuposa zonse za mtundu wake, ndipo madzi atadula misewu yonse, eni mudzi anadziyendetsera okha zinthu kwa masiku angapo. Amene mukudziwa bwino tithandizeni: mudziwu unayamba bwanji, amauyendetsa ndani, nanga chinalakwika n'chiyani usiku wa pa 14 Julaye?

aGondwe:
Zikomo achemwali. Tiyambe ndi malo, chifukwa zonse za mudziwu zikuchokera pa malowo. Mtsinje wa Ahr ndi wautali makilomita pafupifupi 85. Kasupe wake ali ku Blankenheim, m'mapiri a Eifel, ndipo umathira mu Rhine pafupi ndi Sinzig. Pakati pa Altenahr ndi Walporzheim chigwacho n'chopanikizika kwambiri: mtsinje, msewu wa B267, njanji ndi nyumba zonse zimalimbirana kamzere kamodzi ka malo athyathyathya, uku thanthwe uku thanthwe. Mayschoß ali m'kati mwa chigawo chimenechi, pamene mtsinje umakhota mozungulira phiri la Saffenburg.

Pamwamba pa phirilo pali mabwinja a linga la Saffenburg, lomwe linatchulidwa koyamba m'zolemba mu 1081, lakale kuposa malinga onse a m'chigwa cha Ahr. Mudziwo unatchulidwa mu 1106. Lingalo silinali dalitso kwa anthu okhala m'munsi mwake. Pa nkhondo za m'zaka za m'ma 1600 magulu a asilikali ankalandana malowo, ndipo gulu lililonse likafika linkadya za alimi omwewo. Mu 1704 analiphulitsa kuti lisakhalenso pobisalira asilikali. Chotsalira china cha nthawi ya mafumu a m'lingamo chili m'tchalitchi cha mudziwo, cha Nikolasi ndi Roko oyera: manda a mwala wakuda wa nsangalabwi a Katharina von der Mark, amene anamwalira mu 1645.

Afalansa analowa m'derali mu 1794, ufumu wa Chijeremani wa Prussia unalitenga mu 1815. Ngalande ya msewu yoboola thanthwe ku Altenahr inatsegulidwa mu 1834, njanji inafika ku Altenahr mu 1886, ndipo alendo ochokera ku Bonn ndi Köln anayamba kubwera ambiri kuyambira pamenepo.

Mayi Nabanda:
Bambo Gondwe mwafotokoza za mafumu, ine ndionjezere za alimi, poti kopaletivi inabadwa ndi umphawi. Kumeneko mwambo unali wakuti bambo akamwalira, munda amagawana ana onse mofanana. Mibadwo itadutsa, banja linkatsala ndi timinda tating'onoting'ono tomwazikana m'mapiri osiyanasiyana. Mlimi wa kamunda kotere sangagule chofinyira chabwino, migolo yokwanira, kapena kukumba chipinda cha pansi pa nthaka chosungiramo vinyo. Ndipo mphesa zikathyoledwa sizidikira: tsiku limodzi kapena awiri zayamba kusasa. Amalonda ankadziwa zimenezi, ndiye ankangotchula mtengo umene afuna. Pakabwera zaka zingapo zokolola moipa motsatizana, ngongole zinkameza minda, ndipo mabanja ambiri a m'chigwacho anasamukira ku America.

Mu 1868 alimi 18 a ku Mayschoß anagwirizana kuti mphesa zawo azifinyira pamodzi, vinyo azisungira pamodzi, ndi kugulitsa okha. Nzeruyo inali ikufala kale m'dera lomwelo. Friedrich Wilhelm Raiffeisen anali atayambitsa bungwe lake lobwereketsana ndalama ku Heddesdorf, pafupi ndi Neuwied, mu 1864, ndipo Prussia inali itakhazikitsa lamulo la makopaletivi mu 1867. Ma SACCO amene timawadziwa kwathu mizu yawo ili m'maganizo omwewa. Kopaletivi ya Mayschoß inaphatikizana ndi ya Altenahr mu 1982, kenako ya Walporzheim mu 2009. Lero ili ndi mamembala opitirira 400 amene amalima mahekitala pafupifupi 150. Gawani nokha: membala mmodzi safika ndi theka la hekitala. Ambiri ali ndi ntchito zina, mpesa amalima madzulo ndi Loweruka.

Tadala_K:
Pepani ndifunse. Makopaletivi ambiri amafa pakangotha zaka zochepa, ndalama zikayamba kusowa m'thumba la komiti. Iyi yakhala bwanji zaka zopitirira 150?

aMbewe:
Funso labwino mwana wanga, ndipo yankho lake lili m'malamulo a kayendetsedwe kake. Pali zinthu zingapo zimene sizisunthika.

Choyamba n'chakuti membala amapereka mphesa zake zonse ku kopaletivi. Akaloledwa kugulitsa zabwino kwa wamalonda n'kubweretsa zowola ku gulu, gululo limafa chaka chomwecho. Chachiwiri, malipiro satengera kulemera kokha. Mphesa zikafika amaziyeza pa sikelo, kenako amayeza shuga wa m'madzi ake pa muyeso wotchedwa Oechsle, n'kuyang'ana ngati mulibe zowola. Kilogalamu ya mphesa zakupsa bwino zochokera pamalo otsetsereka imalipidwa kuposa kilogalamu ya mphesa zamadzimadzi. Popanda zimenezi aliyense angasiye mpesa kubereka mopyola muyeso kuti sikelo ilemere, vinyo n'kutuluka wosakoma. Ndalama sizibwera tsiku lopereka mphesa ayi, zimabwera pang'onopang'ono vinyo akamagulitsidwa, choncho mlimi ndi gulu amagawana phindu ndi chiopsezo chomwe.

Za thumba la komiti zimene mwanenazo: ku Germany kopaletivi iliyonse imakakamizidwa ndi lamulo kukhala pansi pa bungwe lofufuza mabuku, ndipo ofufuzawo ndi akunja, osati abale a wapampando. Pali komiti yoyendetsa, pali komiti ina yoyang'anira oyendetsawo, ndipo pamwamba pa onse pali msonkhano wa mamembala, pamene mwa chizolowezi aliyense amaponya voti imodzi, kaya ali ndi mizere khumi ya mpesa kaya mahekitala atatu. Kufufuza mabuku kokakamiza kunalowa m'lamulo mu 1889. Ine ndimati chimenechi ndicho chasunga makopaletivi a kumeneko kuposa china chilichonse.

Che Jali:
Ndilowepo pa za munda, chifukwa anthu akamva "vinyo wa ku Germany" amaganiza za woyera. Chigwa cha Ahr chili ndi mahekitala pafupifupi 560 a mpesa, ndipo mbali yaikulu kwambiri ndi mphesa zofiira, makamaka mtundu wa Spätburgunder umene umatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Dera lakumpoto chonchi silikanayenera kupsetsa mphesa zofiira. Zimatheka chifukwa minda ili pa mapiri oyang'ana kummwera, kumene dzuwa limakhala masana m'mayiko akumpoto, ndipo nthaka yake ndi ya mwala wa sileti wakuda umene umamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku. Mapiri a Eifel amatchinganso mvula ndi mphepo yozizira. Minda ya Mayschoß ili ndi mayina ake, monga Mönchberg, Burgberg ndi Laacherberg, ndipo mayinawo amalembedwa pa botolo.

Ntchito yake ndi yowawa. Pamalo athyathyathya pamene thirakitala imalowa, hekitala imafuna maola 200 kapena 300 pa chaka. Pa masitepe a m'phiri imapitirira maola 1,000, zonse ndi manja. Januwale ndi Febuluwale amadulira, n'kusiya nthambi imodzi kapena ziwiri pa tsinde. Malichi amapinda nthambizo ndi kuzimangirira. Kuyambira Meyi amaphata mphukira zosafunika, Juni mpesa umachita maluwa, kenako amachotsa masamba ozungulira zipatso kuti mphepo izidutsa. Spätburgunder ali ndi khungu lopyapyala ndipo zipatso zake zimathinana pa phava, ndiye chinyezi chikatsakamira pakati, chuku chimalowa phava lonse n'kuwola. Kupopera mankhwala a matenda a masamba kumachitika pafupifupi masiku 10 mpaka 14 aliwonse m'nyengo yotentha, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri amagwiritsa ntchito helikopita. Kukolola ndi kuyambira pakati pa Sepitembala kulowa Okutobala. Makilogalamu 100 a mphesa amapereka malita 70 kapena 75.

Mdani wina amene anasintha ulimi wonse ndi kansabwe ka m'mizu kochokera ku America, kotchedwa Reblaus, kamene kanapezeka m'chigwa cha Ahr mu 1881 pa phiri la Landskrone. Mankhwala ake enieni ndi kumezanitsa: nthambi ya mpesa wa ku Ulaya pa muzu wa mpesa wa ku America, umene nsabweyo siupha. Pobzala, mfundo yolumikizirayo imayenera kukhala zala zingapo pamwamba pa dothi. Mukaikwirira, nthambi ya pamwamba imatulutsa mizu yakeyake ndipo nsabwe ija yapezanso polowera.

Nachisale:
Nanga makoma a miyala amene amaoneka m'mapiri monsemo, samagwa?

Che Jali:
Amagwa akamangidwa molakwika kapena akasiyidwa. Ndi makoma opanda simenti, ndipo mphamvu yake ili pomwepo: madzi a mvula amadutsa m'mipata ya miyala. Pansi pake pamakhala potambalala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la kutalika kwa khomalo, maziko amakhala pa thanthwe kapena pa dothi lolimba, ndipo khoma limapendekera pang'ono kuphiri. Mwala uliwonse umakhala pa miyala iwiri ya m'munsi kuti mizere yolumikizira isagwirizane kuchokera pamwamba mpaka pansi. Apo ndi apo amaika mwala wautali wolowa m'kati mwa phiri womangirira khomalo, ndipo kumbuyo amadzazako miyala ing'onoing'ono, osati dothi. Munthu akafuna kufupikitsa ntchito n'kumata simenti kutsogolo, madzi amadzaza kumbuyo, nyengo yozizira amaundana n'kufufuma, khoma limatuluka mimba kenako n'kugwera pa mizere ya mnansi wa m'munsi. Kamunda kamodzi kakasiyidwa, minga ndi tchire zimalowa, mizu imakankha miyala, ndipo vutolo limatsikira kwa onse. N'chifukwa chake kopaletivi imayesetsa kupezera kamunda ka nkhalamba munthu wina wolima.

Mayi Nabanda:
Pa funso la amene amayendetsa mudzi. Mayschoß ndi mudzi wodziyimira pawokha, uli ndi meya wake ndi khonsolo yake, osankhidwa zaka zisanu zilizonse. Meya wa mudzi wotere si wolembedwa ntchito, amangolandira kangachepe kolipirira nthawi yake. Ntchito za mapepala, madzi, sukulu za pulayimale ndi ozimitsa moto zili m'manja mwa mgwirizano wa midzi wotchedwa Verbandsgemeinde Altenahr, ndipo pamwamba pake pali boma la Ahrweiler. Musunge zimenezi m'mutu, chifukwa tikafika pa madzi, udindo wolengeza ngozi yaikulu ndi kulamula anthu kusamuka unali ku boma la Ahrweiler, osati kwa meya wa mudzi.

Koma moyo weniweni uli m'mabungwe amene amawatcha Verein. Anthu asanu ndi awiri akhoza kulembetsa bungwe ku khoti, bola akhale ndi malamulo olembedwa ndi komiti yosankhidwa. M'midzi ya m'chigwa cha Ahr mumapeza la oyimba, la malipenga, la mpira, la anyamata osakwatira, la amayi a kutchalitchi. Anyamata osakwatirawo ndi amene amadzutsa mtengo wautali wokongoletsedwa wa chikondwerero cha Meyi pabwalo, ndipo ku Dernau ndi ku Ahrweiler ndi amene amayatsa moto waukulu m'mapiri pa chikondwerero cha Martin woyera mu Novembala. Ku Mayschoß chikondwerero cha vinyo chimachitika kumapeto kwa sabata iliyonse ya Okutobala, ali ndi mfumukazi ya vinyo yosankhidwa mwa atsikana a m'mudzimo. Lamulo limalolanso mlimi kugulitsa vinyo wake pakhomo pake, ndi kachakudya kopepuka, kwa miyezi inayi pa chaka popanda chiphaso cha malo omwera. Amapachika nkhata ya masamba pakhomo, alendo oyenda pa njira ya Rotweinwanderweg n'kudziwa kuti patseguka. Njira imeneyo ndi ya makilomita 35, inatsegulidwa mu 1972, ndipo ndalama zambiri za mudzi zimabwera ndi oyenda pansi amenewa.

aGondwe:
Amayi mwasiya bungwe lofunika kwambiri, la ozimitsa moto. Ku Germany ozimitsa moto ambiri, pafupifupi miliyoni imodzi, ndi odzipereka. M'mudzi ngati uwu ndi alimi, amakaniko, aphunzitsi. Maphunziro oyamba ndi maola 70, kenako maola 80 ena pa zaka ziwiri. Ana amalowa gulu la achinyamata kuyambira zaka 10. Chenjezo likalira, bwana wa kuntchito amakakamizidwa kumumasula munthuyo, malipiro ake osadulidwa. Vuto lalikulu masiku ano ndi masana a pakati pa sabata, pamene ambiri ali kuntchito ku Bonn ndipo galimoto yozimitsira moto ilibe okwera okwanira.

Tadala_K:
Tsono tifike pa 2021. Dziko lolemera chonchi, anthu oposa 130 kufa m'chigwa chimodzi usiku umodzi, zinatheka bwanji? Ine ndimamva kuti ndi kusintha kwa nyengo ndipo panalibe chochita.

aMbewe:
Kusintha kwa nyengo kulimo, ofufuza anapeza kuti kutentha kwa dziko kwachulukitsa mpata wa mvula yotere. Koma kunena kuti panalibe chochita ndikukana. Ndifotokoze.

Pa 14 Julaye kunagwa mvula ya mamilimita 100 mpaka 150 m'madera ambiri a Eifel pa tsiku limodzi, nthaka ili yokhuta kale ndi mvula ya masabata am'mbuyo. Dera lonse limene limathira madzi mu Ahr ndi masikweya kilomita pafupifupi 900, la miyala ndi mapiri, ndipo madzi onsewo ali ndi khomo limodzi lotulukira. Amene amakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991 amvetsa msanga: si madzi okwera pang'onopang'ono ngati a ku Nsanje, ndi khoma la madzi, mitengo ndi miyala. Masiku wamba Ahr amadutsa ndi makiyubiki mita osafika 10 pa sekondi. Usiku umenewo akatswiri amati anayandikira kapena kupitirira 1,000.

Choyezera madzi cha ku Altenahr, kumtunda pang'ono kwa Mayschoß, chinali chitafikapo mamita 3.71 mu Juni 2016, ndipo anthu ankati pamenepo ndiye pathera. Mu 2021 chinasiya kutumiza manambala chili pa mamita 5.75, madzi atachikokolola, ndipo zizindikiro za m'makoma zinasonyeza kuti madzi anakwera mamita ena angapo pamwamba pa pamenepo.

Nayi nkhani imene imandipweteka. Mapu a boma osonyeza malo oopsa anawerengedwa kuchokera ku manambala a choyezeracho, amene anayamba kulembedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Madzi "a kamodzi pa zaka 100" anawayika pa makiyubiki mita 241 pa sekondi. Koma chigwachi chinasefukira koopsa pa 21 Julaye 1804, anthu 63 n'kufa, ndipo madzi ake anali ofanana ndi a 2021. Chinasefukiranso pa 13 Juni 1910, n'kupha anthu oposa 50, ambiri mwa iwo antchito omanga njanji. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku a midzi, zina zinalembedwa pa makoma. M'masamu a mapu sizinalowemo. Madamu otchinga madzi amene anakonzedwa pambuyo pa 1910 sanamangidwe. Anthu anamanga nyumba pamalo amene makolo awo ankawadziwa kuti ndi a mtsinje.

Che Jali:
Achimwene onjezanipo za milatho. Madzi ananyamula mitengo, magalimoto, makalavani a m'malo ogona alendo ndi matanki, zonsezo n'kukatsakamira pa milatho. Mlatho uliwonse unasanduka damu: kumtunda madzi ankakwera mamita awiri kapena atatu owonjezera, kenako mlatho ukasweka funde lonselo linkagwera mudzi wotsatira. Mwa milatho 112 ya m'chigwacho, 62 inawonongekeratu. N'chifukwa chake amene anapulumuka amanena za madzi okwera mwadzidzidzi pa mphindi zochepa. Milatho yatsopano akuimanga yokwera, ya mizati yochepa m'madzi.

aMbewe:
Zoona. Ndipo pa chenjezo: madzi anawononga midzi ya kumtunda monga Schuld madzulo dzuwa lisanalowe, koma anafika ku Sinzig, kumapeto kwa mtsinje, pakati pa usiku patapita. Panali maola angapo. Boma la Ahrweiler linalengeza ngozi yaikulu nthawi itapitirira 11 koloko usiku, n'kuuza anthu a kumunsi okhala mamita 50 kuchokera ku mtsinje kuti asamuke, pamene madzi anafika kutali kuposa apo. Ku Sinzig anthu 12 aulumali anafera m'nyumba yawo yosamalirako. Masayirini ambiri anali atachotsedwa m'dziko lonse nkhondo ya mawu itatha, mauthenga ankadalira pulogalamu ya pa foni, ndipo magetsi ndi netiweki zitazima uthenga sunafike. Ambiri anafa potsikira m'chipinda cha pansi kukapulumutsa katundu, kapena pokachotsa galimoto. Chitseko cha chipinda cha pansi madzi akachikankha kuchokera kunja, ngakhale ofika m'mawondo okha, munthu sangachitsegule. Ozenga milandu a boma anafufuza mkulu wa boma la Ahrweiler ndipo mu Epulo 2024 anatseka nkhaniyo osamutengera kukhoti, zimene abale ambiri a omwalira sanagwirizane nazo.

Nachisale:
Nanga Mayschoß weniweniyo m'mawa mwake?

Mayi Nabanda:
Msewu wa B267 unadulidwa mbali zonse ziwiri, njanji inapita, kunalibe magetsi, madzi akumwa, kapena foni. Thandizo loyamba linabwera pa helikopita. Apa ndi pamene mabungwe aja anaonekera ntchito yake. Anthu amene anazolowera kukonza chikondwerero cha alendo zikwizikwi amadziwana kale: uyu ali ndi thirakitala, uyu ndi namwino, uyu amadziwa mapaipi, uyu amatha kulemba kaundula. Anakhazikitsa komiti yawoyawo ya ngozi. Tchalitchi, chimene chili pamalo okwera, anachisandutsa nkhokwe ya chakudya, zovala ndi mankhwala. Kanjira ka m'nkhalango kokwera phiri anakakuza n'kukathira phula m'masiku ochepa, mudzi n'kulumikizananso ndi dziko. Sindikunena kuti mgwirizano umalowa m'malo mwa boma. Asilikali, bungwe la boma lothandiza pa ngozi la THW ndi makina aakulu zinafunika. Koma pa masiku oyambawo, mudzi umene uli ndi anthu odziwa kuchititsa msonkhano ndi kugawana ntchito umasiyana kutali ndi umene ulibe.

Zipinda za pansi za kopaletivi zinadzaza madzi ndi matope, migolo ina n'kuyandama. Mphesa zambiri za m'mapiri zinapulumuka poti zili pamwamba, koma eni ake anali otanganidwa ndi matope, ndipo Julaye ndi mwezi umene mpesa sungasiyidwe ngakhale sabata ziwiri. Alimi ochokera ku Mosel, Pfalz ndi madera ena anabwera kudzasadza masamba ndi kupopera, ndipo zokolola za 2021 zinalowa. Mabotolo amene anafukulidwa m'matope anagulitsidwa osatsuka pa dzina la Flutwein, kutanthauza vinyo wa madzi osefukira, n'kubweretsa mayuro oposa 4 miliyoni othandizira alimi a m'chigwacho.

aGondwe:
Ndinene za kukonza nyumba, chifukwa apa anthu ambiri analakwitsa. Matope amachotsedwa akadali onyowa. Akauma amalimba ngati konkire ndipo fumbi lake lili ndi zonyansa za m'zimbudzi. Madzi a m'chipinda cha pansi sapopedwa onse nthawi imodzi madzi a m'nthaka akadali okwera, apo ayi mphamvu ya kunja imaswa pansi kapena kukankhira makoma m'kati. Kenako amagumula pulasitala mpaka kupitirira pamene madzi anafika, amachotsa simenti ya pansi pamodzi ndi zotchingira kuzizira zimene zili kunsi kwake, chifukwa zimasunga madzi kwa miyezi. Makina oumitsa amayenda masabata ambiri, mawindo otseka, ndipo chinyezi chimayezedwa m'kati mwa khoma, osati pamwamba. Amene anathamangira kupaka pulasitala watsopano anadzagumulanso chifukwa cha chuku.

Chimene chinagwetsa nyumba zambiri zooneka zolimba ndi mafuta otenthetsera nyumba. Mabanja ambiri amasunga malita zikwi zingapo m'matanki a m'chipinda cha pansi. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi, thanki yosamangirira imayandama, mapaipi n'kuthyoka. Mafutawo akalowa m'njerwa satulukamo, fungo lake ndi loipa pa thanzi, ndipo nthawi zambiri chotsala ndi kugwetsa nyumba. Chodabwitsa n'chakuti nyumba zakale za mitengo ndi dothi zambiri zinakonzeka: amachotsa dothi la pakati pa mitengo, mitengo ya oki n'kuuma, n'kumatanso.

Tadala_K:
Ndalama zomangiranso zinachokera kuti? Inshulansi?

aMbewe:
Kwa ochepa. Inshulansi wamba ya nyumba kumeneko imateteza ku moto, mphepo ndi mapaipi ophulika, koma madzi osefukira amafuna kulipira mwapadera, ndipo ku Rheinland-Pfalz nyumba zosafika theka ndi zimene zinali nayo. Boma la dziko lonse ndi zigawo zake anakhazikitsa thumba la mayuro 30 biliyoni la madera onse okhudzidwa, lolipira mpaka 80 peresenti ya zowonongeka. Kuchedwa kunabwera ndi mapepala: pamafunika lipoti la katswiri wovomerezeka, akatswiriwo anali ochepa, amisiri anali ochepa, mitengo ya zipangizo inakwera, ndipo nkhalamba zambiri zinavutika ndi mafomu a pa intaneti.

Pali chinthu chimene ine sindigwirizana nacho. Mapu atsopano atatuluka, nyumba 34 zokha m'chigwa chonse ndi zimene zinaletsedwa kumangidwanso. Zina zonse zinaloledwa kubwerera pamalo ake. Ndikumvetsa kuti kulibe malo ena, poti kumbuyo kwa nyumba ndi thanthwe ndipo pamwamba ndi minda ya mpesa. Koma mtsinje wasonyeza katatu m'zaka zosapitirira 220 pamene umafika.

Mayi Nabanda:
Apa bambo Mbewe tisiyana pang'ono. Mukasamutsa theka la Mayschoß kupita pamwamba pa phiri, mwapha mudzi: okalamba amapita kwa ana awo kutauni, timinda timasiyidwa, makoma amagwa, ozimitsa moto amasowa anthu. Njira imene ambiri atsata ndi yomanga mosiyana ndi kale. Chipinda choyamba amachisiya cha galimoto ndi katundu, kogona ndi pamwamba. Bokosi la magetsi ndi makina otenthetsera amazikweza, matanki a mafuta amawachotsa, ndipo midzi ina monga Marienthal ndi Dernau inatsata njira ya kutentha kochokera pamalo amodzi kogawidwa m'mapaipi. Chimene chikufunikabe ndi malo osungira madzi kumtunda, m'timitsinje tothira mu Ahr, ndipo ntchito imeneyo ndi ya zaka zambiri ndi ndalama zambiri.

Che Jali:
Nonse mukunena zoona mbali zake, koma kumanga mokweza kumathandiza pa madzi a mita imodzi kapena awiri, osati amene anafika padenga. Pa madzi otero chopulumutsa ndi nthawi basi. Pa mbali imeneyi zasinthako. Boma la Ahrweiler linaika masayirini atsopano oposa 80 okhala ndi mabatire, olira ngakhale magetsi atazima. Kuyambira Febuluwale 2023 dziko lonse lili ndi njira yotumiza chenjezo ku foni iliyonse imene ili m'dera la ngozi, popanda pulogalamu yapadera. Kwa abale athu okhala ku Germany: sayirini yolira mokweza ndi kutsitsa kwa mphindi imodzi ndi chenjezo, tsegulani wailesi, yolira mofanana kwa mphindi imodzi ndiye kuti ngozi yatha. Amayesa zonsezi Lachinayi lachiwiri la Sepitembala, 11 koloko m'mawa. Ngati foni yanu sinalire tsiku limenelo, yang'anani ngati mauthenga a ngozi ali otsegula ndiponso ngati pulogalamu yoyendetsa foniyo si yakale kwambiri.